Wopanga sipika: wa zamagetsi kapena woimba?

Wa zamagetsi amayeza. Kukula kwa bokosi amawerengera potengera sipikayo, njira imene injiniya Neville Thiele analemba mu 1961. Woimba amadalira khutu.

Mtengo: wa zamagetsi ndi wokwererapo. Woimba amatchipa, koma poyesayesa matabwa amatha.

Kulimba: wa zamagetsi amagwirizanitsa sipika ndi ampulifaya (chida chokweza mphamvu ya mawu), choncho sizipsa msanga. Apa woimba amagwa.

Kamvekedwe: mawu akamalasa m'makutu, woimba amamva msanga. Musamupeputse, Jim Marshall, yemwe anayambitsa kampani ya ma ampulifaya ndi masipika ya Marshall, anali woimba ng'oma.

Matchalitchi a muno mu Zomba ndi obwereketsa zida m'maukwati a ku Chinamwali, pitani kwa wa zamagetsi, koma musanalipire tengani woimba akamvetsere. Oimba gitala, funani woimba mnzanu.