Saturn V ya LEGO, miyezi ingapo chiimangireni

Nditangoimanga ndinalemba kuti roketiyi ndi yokongola koma mtengo wake ndi wolasa m'thumba. Pano ana aigwiragwira, fumbi laipeza, ndiye ndingathe kunena zambiri.

Kwa amene simunaione, ndi chifanizo cha Saturn V, roketi imene inanyamula anthu a Apollo 11 kupita kumwezi, ndipo umachimanga wekha polumikiza tinjerwa tapulasitiki ta kampani ya LEGO. Ili ndi tizidutswa 1,969, nambala yosankhidwa dala pokumbukira chaka cha 1969, chimene anthuwo anafika kumwezi. Ukaiimika imafika mita imodzi, njooo ngati munsi. Imagawika patatu monga mmene yeniyeniyo inkatayira zigawo zake m'mwamba, ndipo ndinkaopa kuti molumikizira umu mudzayamba kugwedera. Ayi ndithu. Mwana wanga amaizula n'kuilumikizanso anzake akabwera, koma mpaka lero imagwirabe gwa. Fumbi limakonda kubisala m'mainjini asanu a kunsi aja, ndipo burashi yofewa yopentera imathana nalo. Tianthu take n'tating'ono zedi, kamodzi kanakapezeka pa mulu wa zinyalala posesa.

Chimene ndachiganizira kwambiri m'miyezi imeneyi ndi kumene roketiyi inachokera. Ganizo lake silinabadwire kulikulu la kampani ku Billund, m'dziko la Denmark. Analiyambitsa ndi anthu awiri okonda LEGO, Felix Stiessen ndi Valérie Roche, omwe anaika chifanizo chawo pa LEGO Ideas, tsamba la pa intaneti la kampaniyo. Kumeneko aliyense amatha kuonetsa chimene wapanga, ndipo anthu 10,000 akachivotera, kampani imachiunika. Dongosololi linayamba mu 2008 ku Japan ndi dzina lakuti Cuusoo, n'kusintha dzina mu 2014. Saturn V inafika m'masitolo mu 2017.

Komatu zimene zili m'bokosi si ndendende zimene awiriwo anatumiza. Akatswiri a kampani anaimanganso kuti ikhale yolimba komanso yoti munthu wamba athe kutsatira malangizo ake. Ndinazionera pomanga: mkati muli chigoba cha tizidutswa tamitundumitundu, tosaoneka ukamaliza, ndipo n'chimene chimagwira zikuta zoyera zakunja kuti tinjerwa ta ngodya zinayi tipange chinthu chobulungira. Kulimba ndikukutamaku kwagona pamenepo. Anthu akunja anabweretsa ganizo, luso lolisandutsa katundu wogulitsa linali la eni nyumba.

Mawu omaliza nawonso ndi a eni nyumba. Zifanizo zambiri zimakwanitsa mavoti 10,000 koma n'kukanidwa, zina chifukwa cha ziphaso za eni mafilimu ndi mayina. Amene wapambana amalandira 1 peresenti ya ndalama zogulitsa ndipo dzina lake limalembedwa m'kabuku ka malangizo. Ineyo ndimaona kuti ndi yochepa, poti kampani imakhala itadziwiratu, osalipira kafukufuku, kuti pali anthu masauzande ofuna chinthucho. Ena amati kungoona ntchito yako ili pa shelefu m'sitolo n'kokwanira. Mwina, koma ulemu sulipira lendi.

Nanga ndingaigulenso? Eya, ngakhale tsopano ndinaigoneka pa timiyendo take kuopa mphaka. Inatuluka koyamba ndi nambala 21309, kenako mu 2020 ndi 92176, ndipo anasiya kuipanga. Mukaipeza yogwiritsidwa kale ntchito, funsani ngati kabuku ka malangizo ndi tianthu tija zilipo musanapereke ndalama.