Prado kapena Fortuner pa misewu yathu ya ku Chipata

Anzanga, zonse ziwiri n'za Toyota ndipo zonse timazitcha 4x4, koma kakokedwe kake n'kosiyana. Ambiri amaononga galimoto chifukwa chosadziwa zimenezi.

Prado, kaya ya mtundu wa 120 kaya wa 150, imakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse. Pakati ili ndi difu imene imalola mawilo akutsogolo kuzungulira mosiyana ndi akumbuyo pokhota. Mukamapita ku Mfuwe m'nyengo ya dzinja, apa phula lanyowa, apo lauma, kenako mwapatukira kumudzi, simukhudza batani lililonse. Difu yapakatiyo mumaitseka matope akachuluka basi.

Fortuner imene inatuluka mu 2015 inatengera Hilux. Pa phula imayenda mu H2, akumbuyo okha ndiwo akukankha. Mukaika H4, kutsogolo ndi kumbuyo zimamangika pamodzi, popanda difu pakati. Pa dothi palibe vuto chifukwa tayala limaterera pang'ono n'kupepukidwa. Nanga pa phula louma literera pati? Alamu anga anaiwala kuchotsa H4 pochokera ku Chadiza. Titafika pa Kapata, akukhota kuti aimike, chiwongolero chinauma gwa, matayala akulira, galimoto ikuchita kunjanja. Anabwerera m'mbuyo pang'ono molunjika, ndiye inamasuka. Mukazolowera kutero, mashafuti ndi magiya sakhalitsa. Koma muonetsetse pogula, poti Fortuner yakale ija ya 2005 imakoka ngati Prado.

Pa makande a kuchigwa, dothi lakuda lomata lija, kusiyana kumachepa. Zonse zimafuna muime kaye, giya ikhale pa N (nyutulo), ndiye muike L4, giya yokoka mwamphamvu koma pang'onopang'ono, musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale. Phazi likhale lopepuka. Mukaponda mafuta mwaukali, matayala amangodzikumbira dzenje. Pamenepa tayala labwino limathandiza kuposa dzina la galimoto.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mabuleki. 4x4 imathandiza kukoka, siithandiza kuima. Prado imanyenga kwambiri pamenepa, chifukwa imanyamuka bwinobwino pa msewu woterera, woyendetsa n'kumaganiza kuti msewu uli bwino. Potsika mapiri a pa Great East Road kulowera ku mlatho wa Luangwa, tsitsani giya kuti injini igwire galimoto, mabuleki asatenthe. Ndipo zonse ziwiri n'zazitali. Matumba a chimanga aikeni pansi m'kati, chifukwa mukawasanjika padenga, kuzemba mbuzi kamodzi kokha kungakugudubuzeni.

Ine ndingasankhe Prado ngati galimotoyo tiziyendetsa anthu angapo pabanja, poti palibe choiwala kuchotsa. Fortuner ndingaitenge ndikakhala kuti woyendetsa ndine ndekha, ndipo maulendo anga ambiri ndi a pa phula, a ku Katete ndi Petauke.