Ndemanga: kuwedza trout ndi wotsogolera pa mtsinje wa Fryingpan m'nyengo ya chipale

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa sitolo ina ya zipangizo zowedzera ya m'tauni ya Basalt, ku Colorado m'dziko la America, kumene ndinalipira munthu woti anditsogolere pa mtsinje wa Fryingpan mu Januwale. Nyenyezi yachisanuyo yapita chifukwa cha mabuti amene anandibwereka, ndipo ndifotokoza.

Amene simukudziwa malowa mungafunse kuti munthu amawedza bwanji pamene mapiri onse ayera ndi chipale chofewa. Yankho lili pa damu la Ruedi, lomwe linatha kumangidwa mu 1968. Madzi a mtsinjewu amatuluka pansi pa damulo, osati pamwamba, ndiye ngakhale kunja kuzizire chotani, iwo amatuluka ali pafupifupi madigiri 4. Chigawo chapafupi ndi damu sichiundana. Mukamatsika makilomita pafupifupi 22 opita ku Basalt, kumene Fryingpan amathira mu mtsinje wa Roaring Fork, madzi amanka nazizira, ayezi amagwira m'mphepete ngakhalenso pa miyala ya pansi. N'chifukwa chake asodzi onse m'nyengoyi amaunjikana kumtunda. Boma la Colorado linaika chigawochi m'gulu la madzi a Gold Medal, kutanthauza malo abwino koposa owedzera trout, ndipo lamulo lake ndi la nyambo zopanga zokha. Nyongolotsi zisiyeni kunyumba.

Chimene ndinalipira kwenikweni si galimoto kapena khofi wa m'fulasiki. Ndinalipira maso a bambo wonditsogolera uja posankha nyambo. Ine ndinapita ndi kabokosi kanga ka nyambo za m'chilimwe, zikuluzikulu zaubweya, zooneka bwino m'manja. Iwo anangoyang'anamo kamodzi n'kutseka. Anatola mwala m'madzi, n'kuutembenuza, n'kundionetsa timphutsi tating'onoting'ono tofiira ndi takuda. Amenewo ndi ana a tizilombo totchedwa midge, ndipo m'miyezi yozizira ndiwo chakudya chachikulu cha trout, poti tizilombo tina tambiri timakhala tisanayambe kutuluka. Tikakula n'kuuluka timafanana ndi nkhungu za ku Nyanja ya Malawi, kungoti sitichita mtambo ngati zija.

Nyambo zotsanzira timphutsi timeneti amazimanga pa mbedza za saizi 20 mpaka 24. Pa mbedza za mtunduwu nambala ikamakula, mbedza imachepa, ndiye 24 ndi kanthu koti kakagwa pa chipale musavutike n'kufunafuna. Tinayamba ndi ziwiri pa chingwe chimodzi: kumtunda nyambo yoyera yotsanzira mysis, kumunsi Zebra Midge yakuda, yomwe ndi ulusi chabe wokulungidwa ndi kawaya kasiliva. Mysis ndi tizamoyo tam'madzi tooneka ngati shrimp tomwe anthu anatiika m'damu la Ruedi, ndipo timakokoloka ndi madzi otuluka pansi pa damu. Trout za pamenepo zimangotsegula kukamwa, n'chifukwa chake zimanenepa mochititsa mantha. Koma bambowo anandichenjeza kuti nyambo ya mysis imagwira ntchito pafupi ndi damu pokha. Titangotsika pang'ono anaichotsa n'kuikapo RS2 yotuwa, nyambo imene anaitulukira Rim Chung konko ku Colorado.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Nsomba ikazizidwa sithamangitsa chakudya. Imakhala pansi m'maiwe akuya, moyenda madzi pang'onopang'ono, kudikira chobwera pamphuno pake. Choncho nsomba zikakhala chete, bambowo sankathamangira kusintha nyambo. Ankayamba awonjezera kamtovu kamodzi pa chingwe, kapena kusuntha kachizindikiro koyandama ka pa chingwe kuti nyambo itsike chikhatho chimodzi. Kangapo konse nsomba inadya pa malo omwewo, nyambo yomweyo, kusiyana kwake kuya basi. Ndipo kudya kwake sikoti chingwe chikokedwa. Kachizindikiro kamangoima pang'ono, kapena kupendekeka, iwo n'kukuwa kuti ndikweze ndodo ine ndisanaone kanthu. Kumapeto kwa chingwe anandimangira kansinga ka 6X ka fluorocarbon, kopyapyala zedi, poti madzi a m'nyengoyi ndi ochepa, oyera mbee, ndipo nsomba za pamenepo zaona mbedza zambiri pa moyo wawo. Mukakoka mwamphamvu, kamaduka.

Dzuwa litafika pamutu, m'dziwe lina nsomba zinayamba kutulutsa timilomo pamwamba pa madzi. Tinasinthira ku Griffith's Gnat, nyambo yoyandama yotsanzira timidge tounjikana. Mpata umenewu sunachedwe kutha, dzuwa litangobisala kuseri kwa matanthwe ofiira a m'mbali mwa mtsinjewo basi zinabwerera pansi. Komabe kwa ine ndiyo inali nthawi yokoma koposa tsiku lonselo.

Ndiwayamikirenso pa kasamalidwe ka nsomba. Sanalole kuti nsomba ituluke m'madzi nthawi yaitali, chifukwa mphepo ikakhala pansi pa ziro makha ake amatha kuundana. Chithunzi chinali chachangu, nsomba ili muukonde m'madzi. Anandiletsanso kuponda malo ena a timiyala toyera, ati brown trout zimaikira mazira cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mazirawo amagona m'timiyalamo nyengo yonse yozizira. Rainbow trout zonse pa chigawochi lamulo limati zibwezedwe m'madzi. Wina wozolowera kuti nsomba ikagwidwa ndi ndiwo aona ngati misala, koma malamulo ake ndi amenewo.

Tsopano mabuti. Anandibwereka a pansi pa nsalu yokhuthala ija yotchedwa felt. Pa miyala yoterera m'madzi amagwira bwino, koma mukangotuluka n'kuponda chipale, chimamatirira pansi n'kuundana chibuma, munthu n'kumayenda mopepesuka. Sitolo yogwira ntchito m'mapiri otere iyenera kukhala ndi mabuti a mphira okhala ndi timisomali m'miyezi imeneyi. Analinso ondithina nditavala masokosi okhuthala, ndipo nsapato yothina m'madzi ozizira imatseka magazi, zala n'kuchita dzanzi. Palibe amene anandifunsa za masokosi pondiyeza. China n'chakuti pa foni anandiuza kuti tikumane m'mawa kwambiri, chonsecho nsomba sizinayambe kudya mpaka cha m'ma 10 koloko. Maola oyambawo tinathera kuswa ayezi m'timphete ta ndodo, poti chingwe chonyowa chikamadutsamo madzi amaundana n'kutseka. Bambowo anavomereza okha kuti m'nyengoyi nthawi yabwino ndi ya pakati pa tsiku. Nanga bwanji ofesi yawo sinanene?

Mudziwenso kuti simudzakhala nokha. Dziwe lotchuka la kunsi kwenikweni kwa damu, lomwe amalitcha Toilet Bowl, linali ndi anthu ngakhale kunkazizira choncho. Ife tinangolidutsa, ndipo sindinadandaule.

Mtengo wake ndi wowawa, ndipo laisensi yowedzera ya Colorado mumagula padera, kuphatikizapo kangachepe kothokozera wotsogolera monga mwa chizolowezi cha ku America. Ngati munaponyako ndodo yowedzera trout ndi nyambo zopanga ku Chelinda pa Nyika kapena ku Zomba, kuponyako mukudziwa kale, koma nyambo za saizi 22 ndi kuwerenga kuya kwa madzi ozizira n'zina, ndipo tsiku limodzi ndi munthu wodziwa mtsinjewu likupulumutsani ku maulendo obwerako chimanjamanja. Pemphani theka la tsiku loyamba mochedwerapo, funsani mabuti a mphira okulirapo saizi imodzi, ndipo tengani magolovesi awiriawiri, chifukwa oyambawo anyowa nsomba yoyamba ikangolowa muukonde.