Matchizulo a m'bokosi lofiira a pa Nchalo

Ndi miyezi iwiri tsopano ndikugwiritsa ntchito matchizulo aja a m'bokosi lofiira, asanu ndi limodzi, amene ndinagula pa K38,000 m'sitolo ina ya zitsulo ya pa Nchalo. Ndinagula pomwepo poona kuti kukwera mtunda wa Thabwa kukafuna ena ku Blantyre, thiransipoti yokha ikanandidyera ndalama ina.

Ine ndine mayi wa zaka 43. Masana ndimaphunzitsa ku pulayimale, ndipo ndinabwerera kusukulu kukaphunzira zaluso. Temu ino tili ndi maasayimenti awiri olemba komanso chosema chimodzi. Nthawi yosema ndi usiku basi, ana akagona. Kuchigwa kuno mu Okutobala, masana chitsulo chimawotcha m'manja.

Mtengo umene ndikusema ndi tsanya, mzati wa nyumba ya agogo anga ku Chikwawa imene inagwa ndi madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022. Zipupa zinasungunuka, mzatiwo unatsala chilili, chiswe osaulawa n'komwe. Ndikutulutsamo mayi atasenza mwana paphewa, madzi akumulekeza m'chiuno. Mzatiwu ndi umodzi wokha, ndikaulakwitsa kwatha.

Usiku wachitatu ndili pakhonde, nyale ya sola nditaikoleka pamsomali, ndinkakonza chibwano ndi tchizulo chachikulu chija. Ndinamenya kamodzi ndi nyundo yamtengo, osati mwamphamvu ayi. Ndinangomva the! Nsonga inathyoka, kachidutswa kanandidutsa pambali pa diso, chotsalacho chinaterereka n'kung'amba tsaya la mayiyo kuchokera pakhutu mpaka pakamwa. Ndinakhala pansi tchizulo chili m'manja, ndinalira ngati ndavulaza munthu weniweni. Asayimenti imene ndinaisiya kuti ndiseme inali patebulo, tsamba limodzi lokha.

Mawa lake nditaweruka ndinabwerera nacho kusitolo, lisiti lili m'manja. Mnyamata wogulitsa, maso ali pafoni, anati, "Amayi, izitu n'za akalipentala. Bwanji osawauza bambo akunyumba akuthandizeni?" Mwana woti ndikanatha kumuphunzitsa Sitandade 5! Za kusintha kapena kubweza ndalama anati abwana kulibe. Ndapitako kawiri, abwanawo kulibebe.

Tsikulo ndikanalemba ndemangayi, bwenzi nditati musagule. Koma Loweruka ndinapita nacho kwa mdala wina wosula zitsulo pamsika wa Ngabu. Anachitembenuza, anachigogoda pamwala, n'kunena kuti, "Mwana wanga, chitsulochi si choipa. Anachiumitsa mopitirira, n'chifukwa chathyoka ngati galasi. Komanso iwe, tsanya samunolera nsonga yopyapyala chonchi." Apo ndinangoti chete, chifukwa ndinachinoladi ndekha pamwala mpaka chinkameta ubweya wa pamkono. Anachiika pamakala, anapemerera ndi mvukuto, anasula nsonga ina yonenepako, anachiviika m'mafuta, kenako anachitenthetsanso pang'ono mpaka nsongayo inaoneka ngati udzu wouma. Chichokereni kumeneko chikudya tsanya bwinobwino, ndimangonola pakapita masiku.

Timatchizulo ting'onoting'ono ta m'bokosimo, kunena zoona, ndi tabwino. Ndinatiyesa pa m'bawa, timapita ngati mukusenda chinangwa, ndipo zala za mwanayo ndazitulutsa ndi tomweto. Zogwirira ziwiri zinayamba kugwedera ndi kutenthaku, ndinazikhomera timitengo. Bokosi lake loko inathyoka sabata yoyamba, ndimalimanga ndi mphira.

Tsaya lija ndinalisalaza ndi tupa, koma mzere sunatheretu ndipo nkhope yaonda mbali imodzi. Asayimenti ndinapereka mochedwa ndi masiku awiri, malikisi anandidula.

Ndikupereka nyenyezi zitatu. Ngati mukusema mtengo wolimba, chachikulucho yambani mwapita nacho kwa wosula musanachikhudzitse pa ntchito yanu. Sanipepa ndi vanishi ndikagula kwina, sindikufuna kukamuonanso mnyamata uja.