Magalimoto awiri kapena atatu pa timu mu Formula 1?

Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto ngati Formula 1, amati timu iliyonse ilowetse magalimoto awiri. Ganizo la galimoto yachitatu linakula mu 2014, matimu a Caterham ndi Marussia atagwa m'ngongole, moti pa mpikisano wa ku Austin, ku America, panathamanga magalimoto 18 okha.

Galimoto yachitatu ili ndi ubwino wake: mpikisano umadzaza, ndipo madalaivala achinyamata amapeza mpando m'galimoto yamphamvu. Ku IndyCar, mpikisano wina wa magalimoto wa ku America, zimenezi zimayenda, timu ya Penske imathamangitsa atatu, koma kumeneko matimu onse amagula thupi la galimoto lofanana ku kampani ya Dallara, ndiye sasiyana kwambiri liwiro.

Mu Formula 1 timu iliyonse imapanga galimoto yakeyake, ndipo vuto lagona pamenepa. Mapointi amapita kwa madalaivala 10 oyamba, kuyambira 25 mpaka 1. Matimu anayi amphamvu akakhala ndi magalimoto awiriawiri amatenga malo 8, n'kusiya awiri oti matimu ang'onoang'ono alimbirane. Akakhala ndi atatuatatu ndi magalimoto 12, malo onse atha. Timu yosapeza mapointi imatsika pa ndandanda, ndalama za mphotho zimachepa, makampani oithandiza amathawa, mapeto ake nayonso imatseka.

Palinso nkhani ya matayala. Timu ili ndi malo amodzi osinthira matayala, ntchito ya masekondi awiri kapena atatu. Safety car, galimoto yotsogolera ochita mpikisano pang'onopang'ono pakachitika ngozi, ikalowa mumsewu onse amathamangira kukasintha, galimoto yachiwiri n'kumadikira kumbuyo kwa inzake. Yachitatu ingaluze malo ambiri itangoima pamzere.

Awiri pa timu ndi bwino akhalebe. Malamulo amalola magalimoto mpaka 26, ndiye mpata wotsalawo udzazidwe ndi matimu atsopano, monga Cadillac ya mu 2026.