Kuchotsa zinyalala mu laputopu yatsopano: njira yomwe inandigwiritsa njakata ndi zomwe ndimadalira lero

Mwezi uno wokha anthu atatu andibweretsera malaputopu, dandaulo lake limodzimodzi: "Achimwene, ndangoitulutsa m'katoni koma ikuyenda ngati nkhalamba." Womaliza anali mphwanga, yemwe amalume anamutumizira yake kuchokera ku Joni kuti akayambire koleji. Titangoiyatsa, pakona pa sikirini panatuluka mauthenga anayi: antivayirasi ya masiku 30 yopempha khadi la ku banki, masewera, kosungira mafayilo, ndi china cholonjeza kuthamangitsa makina.

Zimenezi sizilowamo mwangozi. Eni mapulogalamuwa amalipira opanga makompyuta kuti awaikiremo, ndipo nthawi zina zimafika poopsa. Mu 2015 zinadziwika kuti malaputopu ena a Lenovo ankabwera ndi Superfish, pulogalamu yotsatsa malonda yomwe inkatsegula mpata woti akuba aone ngakhale zomwe munthu akuchita pa webusayiti ya banki. Mu 2017 Lenovo inavomera kulipira madola 3.5 miliyoni ku America. Ndiye kuchotsa n'kofunika, nkhani yagona pa kachotsedwe.

Kupalira ndi manja ndiko kosavuta. Pa Windows 11 lowani mu Settings, kenako Apps, kenako Installed apps, n'kumazula chimodzichimodzi. Mukatero tsegulani Task Manager muzimitse zomwe zimadzuka pamodzi ndi kompyuta. Simulipira kanthu, bandulo siikhudzidwa, ola limodzi latha basi. Yokakamira ndi antivayirasi, imasiya mizu. Eni ake amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake McAfee ili ndi chida chake chotchedwa MCPR ndipo Norton ili ndi Remove and Reinstall. Ikachoka, Microsoft Defender, antivayirasi yobwera ndi Windows, imadzuka yokha, musagulenso ina. Koma pozula muzisiyanitsa udzu ndi chimanga: chilichonse cholembedwa Intel, AMD, Realtek kapena Visual C++ chisiyeni. Lenovo Vantage ndi MyASUS nazonso ndimazisiya, chifukwa ndi momwe mumauzira batire kuti isamadzaze mpaka 100 ikakhala pamoto tsiku lonse.

Mapulogalamu ochotsera anzawo alipo abwino. Bulk Crap Uninstaller ndi yaulere ndipo imachotsa zambiri nthawi imodzi, Revo Uninstaller imasesa zotsalira, AdwCleaner ya Malwarebytes imakulozerani zomwe anaikiratu ku fakitale. Zonsezi zimafunsa kaye zisanafufute, ndipo ndicho ndimazikondera.

Tsopano yomwe inandionetsa zakuda. Chaka chatha, laputopu yanga ili ndi masiku awiri okha, ndinaonera kavidiyo ka mnyamata wina wolankhula mothamanga. Iye amati ingokoperani mzere umodziwu mu PowerShell, zenera lolembamo malamulo olamulira Windows, zinyalala zonse zipita. Ndinakopera. Malemba anayenda pa sikirini ngati nyerere, mphindi zitatu zonse zatheka, ine n'kukagona ndikudzitama. M'mawa ndikuti ndiwerengetse ndalama, calculator palibe. Ndikuti ndiitengenso ku Microsoft Store, nayonso Store palibe. Zithunzi sizikutseguka. Ndafika ku ofesi, pulinta ikukana laputopu yanga yokha, abwana ataima pambuyo panga kudikira kalata. Choipitsitsa ndinachizindikira patapita sabata: Windows Update inali itafa, kutanthauza kuti kompyuta sinkalandiranso zigamba zachitetezo. Mzere uja unathira mankhwala opha udzu m'munda wonse, chimanga n'kupsera limodzi.

Kulakwa kwina kunali kwanga, sindinapange restore point, yomwe imasunga momwe Windows inalili kuti ubwererepo zikavuta, ndiye kobwerera kunalibe. Anzanga ena amalumbirira WinUtil ya Chris Titus, chida china chochotsera zinyalala kudzera mu PowerShell, amati imaonetsa zomwe ikusintha ndipo imapereka mwayi wopanga restore point. Yanga ija sinali imeneyo, ndipo mwina akunena zoona. Komabe ine mtima unawawa. Sindiikanso mu kompyuta ya munthu malamulo omwe sindingathe kuwawerenga, makamaka ya mwana wasukulu yemwe akakhala kutali nane ikadzayamba kuvuta.

Mapeto ake ndinagalauza munda wonse, kuikamo Windows mwatsopano. Apa pali misewu iwiri. Reset this PC ndi yapafupi, koma pafunso loti ibwezeretse mapulogalamu obwera ndi makina muyankhe kuti ayi, apo ayi zinyalala zija zibwerera zonse ngati sizinachoke. Mukasankha Cloud download dziwani kuti idya deta yoposa 4 GB. Msewu wina ndi wa fulashi ya 8 GB ndi Media Creation Tool ya Microsoft, pulogalamu yoikira Windows pa fulashiyo. Uwu ndiwo umayeretsa kwenikweni, ndipo za layisensi musade nazo nkhawa, inalembedwa kale mkati mwa makina.

Koma msewu wa fulashi uli ndi maenje ake. Windows 11 Home imafuna intaneti kuti imalize kulowa, pomwe driver ya Wi-Fi, kapulogalamu koyendetsa Wi-Fi mu laputopu, mwina yapita limodzi ndi zinyalala. Ine ndinapulumukira kulumikiza foni ndi chingwe cha USB. Pa malaputopu ambiri a Intel kuyambira m'badwo wa 11, imatha kunena kuti siikuona disiki mpaka mutaipatsa driver ya Intel RST, ndiye isungireni pa fulashi yomweyo musanayambe. Onjezani kuti kwathu kuno magetsi satsanzika: batire ikhale yodzaza. Bandulo yanga ya mwezi inatha Loweruka lomwe ndinaikamo Windows mwatsopano, chifukwa Windows ikalowa imayambanso kukoka ma update.

Ndiye mukandifunsa, laputopu yogula m'katoni ipalireni ndi manja, Bulk Crap Uninstaller ija ithandize ngati zachuluka. Fulashi isungireni kompyuta yomwe yadutsa m'manja mwa anthu ena, monga zija zogula pamsika zomwe simudziwa kuti munaikidwa zotani.

Ya mphwanga tinaipalira pakhonde, tikudya chinangwa. Tinachotsa mapulogalamu 14, antivayirasi ija tinaizula ndi chida cha eni ake, ndipo ya batire tinaisiya. Atafunsa za mzere wa PowerShell womwe anauona pa TikTok, ndinamulanda foni kaye.