Mnyamata amene ananyamula mwana wa eni ku Soweto

Abale anga kumudziko, ndatha zaka 6 kuno ku Joni, koma mukanandifunsa mwezi watha kuti mzindawu ndimaudziwa bwanji, ndikanakutchulirani njira zitatu zokha: ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kokatumiza ndalama. Ndimasamalira kapinga ndi maluwa pakhomo lina cha ku Randburg. Soweto ndinkangoimva m'kamwa mwa anthu. Ndiye Loweruka lina mabwana atapita kunyanja ndi ana awo, ndinaganiza zokaona pamalo paja anawomberapo ana asukulu mu 1976.

Ndinayamba ndapempha anzanga awiri amene timagona nawo chipinda chimodzi kuti tipitire limodzi. Woyamba anati, "Achimwene, mwakhuta eti? Ndalama imeneyo ndi ya feteleza." Wachiwiri anangopukusa mutu, n'kunena kuti kumeneko ukangotsegula pakamwa adziwiratu kuti ndiwe wobwera. Sindinawatsutse. Tonsefe timakumbukira za 2015, pamene anthu obwera ankathamangitsidwa mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi odzatenga anthu ake, ndipo chaka chomwecho mashopu a alendo anaswedwa ku Soweto komweko. Koma mtima unali utanyamuka kale. Ndinapinda R250 n'kuibisa m'sokosi, pasipoti m'thumba la mkati mwa jekete, madzi m'botolo, ndi mbatata ziwiri zimene ndinaphika usiku.

Ulendo wa munthu wosauka kuno ndi wa minibasi, zimene eni ake amazitcha taxi. Ndinakwera ya m'tauni mpaka pa depoti ya Bree, kenako ndinafunsa ya ku Orlando West. Mulibe kondakitala m'minibasi za kuno. Ndalama zimachoka kumbuyo, dzanja ndi dzanja, mpaka kwa amene wakhala pambali pa dalaivala, ndipo iyeyo ndi amene amawerengera chenji cha aliyense. Mpando umenewo ndimauthawa, chifukwa umafuna kulankhula kwambiri. Ndinakhala pakona kumbuyo, ndinapereka moni wa Chizulu umene ndimaudziwa, n'kukhala duu mpaka nditaona nsanja ziwiri zikuluzikulu za ku Orlando zopakidwa utoto wamitundumitundu.

Msewu wa Vilakazi sunandigwire mtima poyamba. Ndi msewu wotchuka chifukwa munkakhala Nelson Mandela ndi Desmond Tutu, koma lero mwadzaza malo odyera, magalimoto onyezimira, ogulitsa zosema, ndi anyamata ovina kuti alendo aponye kenakake. Nyumba ya Mandela, nambala 8115, ndinangoiona ndili kunja kwa mpanda. Ndalama yanga yolowera pakhomo inali ya malo amodzi, ndipo ndinali nditasankha kale.

Malowo ndi chikumbutso ndi nyumba yosungiramo mbiri ya ana aja, zotchedwa Hector Pieterson, ndipo ali mumsewu wa Khumalo, kuyenda pansi mphindi zochepa. Panja pali bwalo la miyala ndi madzi oyenderera, ndipo chithunzi chotchuka cha tsikulo chili pomwepo, chachikulu: mnyamata wamtali atavala ovolosi, akuthamanga atanyamula mwana wotuluka magazi m'kamwa, ndi mtsikana wa yunifolomu pambali pake, dzanja lili m'mwamba, akulira. Mwanayo ndi Hector Pieterson, wa zaka 12. Mtsikanayo ndi mchemwali wake, Antoinette. Wonyamulayo ndi Mbuyisa Makhubo, wa zaka 18. Anajambula ndi Sam Nzima, mtolankhani wa nyuzipepala ya The World.

Chimene chinawatulutsa anawa m'kalasi ndi chilankhulo. Mu 1974 boma la tsankho linalamula kuti maphunziro ena, monga masamu, aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, chija ife timangoti Chibunu, pamene ana ambiri ngakhalenso aphunzitsi awo sankachidziwa bwino. Tangoganizani mwana wa Sitandade 7 wauzidwa kuti kuyambira mawa masamu aziwerengera m'chilankhulo cha wapolisi amene amagogoda pakhomo la makolo ake usiku kufuna chitupa. M'mawa wa pa 16 June 1976 ana masauzande ambiri ananyamuka m'masukulu monga Morris Isaacson ndi Naledi, atanyamula zikwangwani za makatoni, kulowera ku bwalo la zamasewera la Orlando. Mmodzi wa owatsogolera anali Tsietsi Mashinini. Kubwaloko sanafikeko. Apolisi anawatchingira ku Orlando West, anaponya utsi wokhetsa misozi, kenako zipolopolo zenizeni. Wina wa oyamba kuwomberedwa anali Hastings Ndlovu, wa zaka 15, koma iyeyu panalibe womujambula, n'chifukwa chake dzina lake simulimva kawirikawiri.

Nyumba yosungiramo mbiriyi ndi ya njerwa zofiira ngati nyumba zoyandikana nayo, ndipo anaitsegula mu 2002. Mkati mumayenda mokwera pang'onopang'ono, mukuona zithunzi, makanema akale ndi mawu a anthu amene analipo. Ndinawerenga movutikira, chifukwa Chingerezi changa n'cha Fomu 2, koma palibe ankandithamangitsa. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti nkhaniyi sinathe tsiku limodzi. Moto unafalikira m'makomboni a dziko lonse, mpaka ku Cape Town, ndipo bungwe lofufuza limene boma la tsankho lomwelo linakhazikitsa linavomera kuti pofika February 1977 anthu 575 anali atafa. Eni dziko ambiri amati chiwerengerocho n'chochepa. Pakati pa nyumbayi pali kabwalo kopanda denga, pansi pali miyala ing'onoing'ono, ndipo pamwamba pake amwazapo timiyala tokhala ngati njerwa, kalikonse kali ndi dzina la munthu mmodzi. Ndinanjuta n'kuyamba kuwerenga. Ndinasiya nditaona kuti ndikusowa poponda.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni chili panja, pa mwala umene analembapo mawu a mayi ake a Mbuyisa. Sindiwabwereza ndendende, koma mfundo yake ndi iyi: mwana wawo si ngwazi ayi. Pa chikhalidwe chawo, kutola mwana amene wagwa ndi udindo wa mchimwene aliyense, ndipo akanamudumpha Hector n'kumusiya pansi, sakanathanso kukhala pakati pa anthu. Ndinawerenga kawiri. Ndinamva ngati akulankhula ndi mayi anga a ku Dedza, chifukwa nawonso sangamuyamikire munthu kaamba koti wakumba nawo manda. Mbuyisa sanali mbale wake wa Hector. Anangoona mwana wa eni ali pansi.

Chithunzicho chitafalikira dziko lonse lapansi, apolisi anayamba kumusakasaka. Anathawira ku Botswana, kenako anakapezeka ku Nigeria. Uthenga wake womaliza unafika kwa mayi ake mu 1978, ndipo kuchokera pamenepo kunangoti zii. Mayiwo anamwalira osamuonanso mwana wawo, osaona ngakhale manda ake.

Apa m'pamene miyendo inandithera mphamvu, ndipo ndinakakhala pa khoma lalifupi. Mnyamata amene dziko lonse limamudziwa nkhope anakathera ku dziko la eni ngati mmodzi wa ife. Mwina nayenso ankabisa lilime lake m'galimoto, mwina nayenso ankagona m'chipinda cha anthu osawadziwa. Inu kumudziko muli ndi dzina la anthu otere: matchona. Mumalitchula mokwiya, ngati kuti aliyense amene anasiya kulemba kalata anachita kufuna. Ine ndaona mmene munthu amasowera kuno. Foni yabedwa, ntchito yatha, mapepala atha masiku, manyazi akula, ndipo chaka chimodzi chimasanduka zaka 10. Ndipo ndaona zimene timachita wina wa ife akamwalira. Uthenga umayenda pa WhatsApp usiku womwewo, wolima m'munda aponya R50, wolera ana R100, mlonda zimene ali nazo, mpaka bokosi likwere galimoto kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kukafika pa Mwanza kapena pa Dedza. Nthawi zambiri malemuyo sitimudziwa n'komwe. Timangomva kuti ndi wa ku Mangochi, kapena wa ku Nkhata Bay. Palibe amadzitcha ngwazi pa zimenezi. Ndinakhala pa khoma paja ndikudzifunsa ngati kunapezeka womunyamula Mbuyisa.

Bambo wina wachikulire wa chipewa, amene anakhala chapafupi, anandiona ndikupukuta m'maso ndipo anandilankhula m'Chizulu. Ndinayankha m'Chingerezi, mtima ukugunda. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anagwedeza mutu, nati, "Kwa Banda." Sanawonjezere, koma ndinamva zimene ankatanthauza. Pamene mayiko ena a mu Africa ankalisala boma la tsankho, lathu linali nalo pa ubale. Kamuzu anabwera kuno mu 1971 n'kulandiridwa ndi ulemu wonse, ndipo ndalama za boma lomwelo zinathandiza kumanga likulu lathu ku Lilongwe. Kusukulu anatiphunzitsa kuti inali nzeru yopezera dziko chakudya. Mwina inalidi. Koma ukaimva nkhaniyi utakhala pafupi ndi mayina a ana aja, imalemera mosiyana, ndipo ine ndinachita manyazi. Bamboyo ndi amene anandimasula. Anati ali mwana, oyandikana nawo nyumba anali a ku Nyasaland amene anabwera ndi za migodi, anthu aulemu, odziwa kusoka zovala. Kenako anandilozera pokwerera minibasi ya ku Rockville, nati ndisabwerere ndisanaone tchalitchi cha Regina Mundi.

Ndinapitadi. Ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika, chosakongoletsa kunja, pafupi ndi paki yotchedwa Thokoza. Dzina limeneli linandisangalatsa, ngati ndakumana ndi munthu wakwathu. M'masiku a zipolowe ana ankathawira m'tchalitchimu, apolisi n'kuwalondola mpaka mkati. Zibowo za zipolopolo anazisiya osatseka, ndipo ngodya ya guwa la nsembe ndi yobenthuka mpaka lero. Ine ndine wa CCAP, koma ndinagwada. Potuluka ndinaponya R10 m'bokosi, ndipo panjira ndinagula kota, buledi wobowola pakati wothiramo tchipisi, poloni ndi atcha. Ndinadyera chiimire, mbatata zanga n'kusungira madzulo.

M'minibasi yobwerera ndinkaganiza za kwathu. Tsiku la 16 June timalidziwa ndithu: ndi lija Tsiku la Mwana wa mu Africa, limene mayiko a mu Africa anayamba kulikumbukira mu 1991. Ndili ku pulayimale tinkaguba, kuvina ndi kunena ndakatulo pa tsikuli, koma palibe anatiuzapo kuti linachokera pa magazi a ana a ku Orlando West. Nafenso athu tili nawo. Pa 3 March 1959 asilikali a atsamunda anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, pamene ankafuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Makolo anga amati nthawi ya Kamuzu tsikuli linali la mantha, wosagwira khasu, wosaseka mokweza, wailesi ikungolira nyimbo zachisoni. Ndipo pa 20 July 2011 ine mwini ndinali mu Lilongwe, ndikugulitsa mayunitsi a foni. Ndinamva mfuti, ndinathamanga, ndipo sindinacheuke kuti ndione ngati pali amene wagwa kumbuyo kwanga. Anthu 20 anafa pa zionetsero zimenezo m'dziko lathu, ndipo ena anaikidwa pamodzi ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Ndadutsa mu Mzuzu kawiri chichitikireni zimenezo. Dzina la mmodzi yemwe sindingalitchule.

Ndinafika kuchipinda dzuwa likulowa, ndili ndi R64 yotsala m'sokosi. Anzanga aja anafuna kuona zithunzi, koma ndinali nditajambula chimodzi chokha, cha mwala wa mawu a mayi uja. Titadya ndinatuluka panja n'kuimbira mng'ono wanga amene amaphunzira za ukalipentala ku Mzuzu. Ndinamuuza kuti ndimutumizira ya kabaza, Lamulungu akaweruka kutchalitchi apite ku Zolozolo, akandiwerengere mayina onse amene alembedwa pamandapo, limodzi limodzi, ine ndili pa foni ndi cholembera. Anadabwa, nafunsa ngati kuli mbale wathu kumeneko. Ndinamuuza kuti angopita. Kenako ndinaimbira mayi, amene ndinali nditatha milungu 5 osawalankhula. Foni inaitana kamodzi kokha iwo n'kuyankha.